Kukweza ndi kulinganiza pikapu: zomwe mwini galimoto wa ku Msumba ayenera kudziwa

Kukweza pikapu ndi kusintha masipuling'i, mashokapu kapena zitsulo zina za kunsi kwa galimoto kuti thupi lake litalikirane ndi nthaka kuposa mmene inatulukira ku fakitale. Kulinganiza ndi ntchito yocheperapo, yokweza kutsogolo kokha kuti kufanane ndi kumbuyo, popeza pafupifupi pikapu iliyonse ikakhala yopanda katundu kumbuyo kwake kumakhala kokwererapo. Ntchito ziwirizi zimakopa eni galimoto m'midzi ya m'mbali mwa nyanja m'boma la Lago, komwe pikapu imodzi imanyamula chimanga, usipa, simenti, apaulendo ndi odwala. Zikachitika moyenera zimapulumutsa galimoto ku miyala ndi matope. Zikachitika mwachisawawa zimaumitsa kayendedwe, zimadya zitsulo msanga, zimafooketsa mabuleki akumbuyo, ndipo galimoto sichedwa kugubuduzika.

Misewu yosiyana pa ulendo umodzi

Msumba, womwe pamapu ambiri umalembedwa Messumba, uli m'mbali mwa Nyanja ya Niassa, kumpoto kwa Metangula kupitirira Chuanga. Umadziwika ndi mishoni yakale ya Anglican komanso tchalitchi cha São Bartolomeu. Kwa zaka zambiri ulendo wa m'derali unali wa pamadzi, ndipo amishoni ankayendera midzi ya m'gombeli pa sitima monga Chauncy Maples, yomwe inayamba kuyenda panyanjayi mu 1901. Maboti akadalipo, koma lero zokolola, feteleza ndi katundu wa m'masitolo zimadalira kwambiri galimoto za bodi yotseguka.

Pikapu yochoka ku Lichinga kupita ku Msumba imadutsa misewu yosiyana pa tsiku limodzi. Kuchoka ku Lichinga kudzera ku Maniamba mpaka ku Metangula, mtunda wa makilomita oposa 100, ndi msewu wa tala. Lichinga ili pamalo okwera mamita oposa 1,300 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pomwe Nyanja ya Niassa ili pa mamita osafika 500. Choncho galimoto imatsika mamita oposa 800, ndipo gawo lalikulu la kutsikako lili pa mtsetse wokhotakhota wolowera kunyanja. Kumpoto kwa Metangula misewu yambiri ndi yadothi: mchenga pafupi ndi gombe, miyala pa zitunda, ndipo m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, matope ndi madzi a m'chigwa cha Lunho ndi timitsinje totsika m'mapiri.

Misewu iwiriyi ikufuna zinthu zotsutsana. Wadothi umafuna galimoto yotalikirana ndi nthaka kuti isakhule pansi. Mtsetse wa tala umafuna galimoto yokhazikika, yosapendekeka pokhota, ya mabuleki ogwira mofanana. Yemwe akweza pikapu yake poganizira matope okha, mtsetse uja amakhala wauiwala.

Zomwe zimasenza galimoto

Masipuling'i, omwe amakaniko a mbali ino amawatchulanso molas m'Chipwitikizi, ndiwo amasenza kulemera kwa galimoto ndi katundu wake, ndipo ndiwo amaika msinkhu wake. Mashokapu, amortecedores, sasenza katundu. Ntchito yawo ndi kuletsa sipuling'i kupitiriza kudumpha galimoto ikadutsa pa bampu. Pachifukwa ichi, kugula mashokapu atsopano sikukweza galimoto yomwe masipuling'i ake anatopa.

Kumbuyo kwa mapikapu ambiri kuli masipuling'i a zitsulo zazitali zosanjikiza. Chitsulo chilichonse m'Chipwitikizi ndi folha, kutanthauza tsamba. Masambawa amamangidwa pa ekiselo ndi mabawuti opindika ngati chilembo cha U. Kunsi kwa mtolowo nthawi zambiri kumakhala tsamba limodzi kapena awiri ochindikala omwe sagwira ntchito galimoto ikakhala yopepuka, amayamba kusenza katundu akalemera.

Kutsogolo kuli mitundu itatu. Woyamba ndi ekiselo imodzi yolumikiza matayala onse awiri. Uwu uli pa Hilux zambiri za 4x4 zomwe zinabwera ku Africa chisanafike chaka cha 1997, komanso pa Land Cruiser pikapu. Land Cruiser 75 inali ndi masamba kutsogolo, pomwe 79, kuyambira 1999, ili ndi masipuling'i opiringizika. Wachiwiri ndi torsion bar, ndodo yaitali yachitsulo yogona motsatana ndi chasisi, yomwe imapotoka tayala likakwera kenako n'kubwerera. Ili pa Hilux za 4x4 za pakati pa 1997 ndi 2005, pa Nissan Hardbody ndi pa Isuzu KB zakale. Wachitatu ndi sipuling'i yopiringizika yokhala ndi shokapu mkati mwake, monga pa Hilux kuyambira 2005 ndi Ford Ranger kuyambira 2011. Pa mitundu iwiri yotsirizayi tayala lililonse lakutsogolo limayenda palokha. Njira yokwezera imadalira mtundu womwe uli pa galimotoyo.

Chifukwa chake kumbuyo kumakhala kokwera

Pikapu yopanda katundu imaoneka ngati yaweramira kutsogolo, nthawi zambiri ndi masentimita 3 mpaka 5. Si vuto, opanga anachita dala. Mpata umenewo ndi womwe masipuling'i akumbuyo amadya matumba akalowa m'bodi, kotero galimoto yodzaza moyenera imakhala yolingana.

Mwini galimoto akakweza kutsogolo kuti kufanane ndi kumbuyo bodi ili yopanda kanthu, galimoto imaoneka bwino ikaima pamsika. Ikangopakira matumba, kumbuyo kumatsika ndipo mphuno imaloza kumwamba. Chiwongolero chimapepuka, galimoto imayamba kuyendayenda mumsewu, ndipo nyali zimawalira m'maso mwa madalaivala obwera kutsogolo m'malo mowunikira pansi. Kulinganiza kumayenera galimoto yomwe nthawi zambiri imayenda yopepuka, kapena yomwe kutsogolo kwake kunatsika chifukwa cha kukalamba kwa masipuling'i ndi kulemera kwa chitsulo chotchinjiriza chomwe chinamangidwa kutsogolo. Pikapu ya mlimi kapena wamalonda a nsomba iyenera kusiyidwa yokwererapo kumbuyo.

Kuyamba ndi kuyeza

Magalimoto ambiri omwe eni ake amafuna kuwakweza safunika kukwezedwa ayi. Anangotsika chifukwa cha zaka ndi katundu, ndipo chofunika ndi kuwabwezera pa msinkhu wawo woyamba. Tepi yoyezera imasonyeza zimenezi.

Galimoto iimikidwe pamalo osalala, matayala ali ndi mpweya wokwanira, bodi ili yopanda katundu. Pa tayala lililonse ayeze kuchokera pakati penipeni pa wilo kufika m'mphepete mwa madigadi pamwamba pake, n'kulemba manambala anayiwo. Kuyeza kuchokera pakati pa wilo kuli bwino kuposa kuchokera pansi chifukwa kukula ndi kutha kwa tayala sikusokoneza. Kenako ayezenso galimoto itapakira katundu yemwe imanyamula masiku onse.

Mbali ya kumanzere ikasiyana ndi ya kumanja ndi sentimita yoposa imodzi ndi theka, sipuling'i ya mbali yotsikayo yatopa kapena tsamba lina lathyoka. Masamba omwe aongoka n'kukhala athyathyathya galimoto ili yopanda katundu, kapena omwe apindikira mbali yolakwika, ndi otha. Chizindikiro china ndi kalabala koletsa komwe kali pakati pa ekiselo ndi chasisi. Ngati pomwe kamagunda pali pong'anima, kapena kalabalako kanang'ambika, ndiye kuti ekiselo imamenya chasisi kawirikawiri. Galimoto yotere ikaikidwa masipuling'i atsopano a msinkhu wa ku fakitale imakwera yokha ndi masentimita angapo, popanda kusokoneza china chilichonse.

Njira zokwezera kutsogolo

Pa galimoto ya torsion bar, kumapeto kwa ndodo iliyonse kuli bawuti yosinthira msinkhu. Kuimanga kumakweza kutsogolo popanda kugula kanthu, n'chifukwa chake ambiri amathamangira njira imeneyi. Koma tayala lakutsogolo lili ndi mtunda woikika womwe lingayende pokwera ndi potsika, ndipo kumapeto kwa mtundawo kuli timalabala toletsa. Kumanga bawuti sikuwonjezera mtunda umenewu. Kumangosuntha pomwe tayala limakhala galimoto ikaima. Masentimita omwe galimoto yakwera ndi omwe achotsedwa pa mpata woti tayala litsikire m'dzenje. Mpatawo ukatsala pang'ono, tayala likafika pa dzenje limalephera kutsatira nthaka, chitsulo chimamenya kalabala, ndipo okwera amamva ngati nyundo. Masentimita 2 kapena 3 galimoto zambiri zimapirira. Kupitirira pamenepo kayendedwe kamauma ndipo mfundo za kutsogolo zimatha msanga. Bawutiyo imangidwe galimoto itanyamulidwa, matayala akutsogolo ali m'malere, mbali zonse ziwiri mofanana.

Pa galimoto ya sipuling'i yopiringizika, njira yotchipa ndi kuika mphete yachitsulo pamwamba pa shokapu. Chifukwa shokapu imakhala mkati, kutali ndi tayala, mphete yochindikala masentimita 2.5 imakweza galimoto pafupifupi kuwirikiza kawiri muyezo umenewo. Amene sadziwa izi amagula mphete yaikulu n'kukweza mopyola. Njira yabwino kuposa apa, ngakhale ndi yodula, ndi kugula sipuling'i ndi shokapu zopangidwira limodzi msinkhu watsopanowo.

Pa mitundu yonse iwiriyi ya 4x4, mphamvu ya injini imafika ku matayala akutsogolo kudzera m'timashafuti tokhala ndi mfundo zotchedwa CV joint, zokutidwa ndi malabala osunga girisi. Galimoto ikakwera, timashafutiti timapendekeka kwambiri. Malabala amang'ambika, mchenga wa kugombe umalowa, ndipo mfundo imayamba kulira pokhota. N'chifukwa chake masentimita 5 ndiwo malire omwe amakaniko ambiri odziwa ntchitoyi amatsata pa galimoto yomwe zitsulo zina zakutsogolo sizinasinthidwe.

Pa galimoto ya ekiselo imodzi kutsogolo, kukweza kumachitika ndi masipuling'i atsopano okwererapo. Pa Land Cruiser 79, masipuling'i aatali amakokera ekiselo pang'ono kumbali komanso amachepetsa mphamvu yomwe imabweza chiwongolero pakati galimoto ikamaliza kukhota, kotero zonsezi zimafunika kukonzedwa.

Njira zokwezera kumbuyo

Njira yodalirika ndi mtolo watsopano wa masamba wosankhidwa molingana ndi katundu yemwe galimoto imanyamula. Mitolo yolimba kwambiri inapangidwira galimoto zomwe zimakhala ndi katundu nthawi zonse, ndipo pa galimoto yopepuka imadumphitsa.

Kuwonjezera tsamba limodzi ndi njira yofala m'magalaji a m'chigawo chino. Kumakweza pang'ono ndipo kumachepetsa kutsika kwa bodi ikapakira, koma kumaumitsa kumbuyo. Tsambalo liyenera kukhala lofanana m'lifupi ndi anzake, liikidwe mbali zonse ziwiri, ndipo bawuti yapakati yogwira mtolo isinthidwe. Kusanjikiza masamba atatu kapena anayi ochokera ku lole kumasandutsa sipuling'i kukhala ngati mtanda wachitsulo, ndipo kugunda konse kwa msewu kumapita ku chasisi ndi pomwe masipuling'i amagwirira.

Kupindanso masamba otopa ndi nyundo kumabweza msinkhu kwa kanthawi, koma chitsulo chotopa chimatsikanso. Kuwaotcha ndi moto kuti apindike mosavuta kumawononga kulimba kwa chitsulocho. Tsamba lothyoka siliwotchereredwa, chifukwa limathyokanso pafupi ndi pomwe panawotchereredwapo. Likakhala tsamba lalikulu lomwe limagwira ku chasisi, ekiselo imatha kusuntha galimoto ili pa liwiro.

Kumapeto kwa sipuling'i kuli tizitsulo tiwiri togwedera totchedwa shackle. Kuika tatitali kumakweza galimoto ndi theka la muyezo womwe wawonjezedwa, kotero masentimita 4 owonjezera amakweza masentimita 2 okha. Totalika kwambiri timachititsa bodi kugwedezekera m'mbali.

Ena amaika chibuluma chachitsulo pakati pa ekiselo ndi sipuling'i. Izi zimakweza pokhapokha ngati sipuling'i ili pamwamba pa ekiselo. Ikakhala kunsi, monga pa mapikapu ambiri osakhala a 4x4, chibulumacho chimatsitsa galimoto. Zibuluma zisasanjikizidwe ziwiri, zisakhale zamtengo, ndipo zisaikidwe pa ekiselo yakutsogolo, komwe kuli chiwongolero ndi mphamvu yaikulu ya mabuleki. Nthawi iliyonse mtolo ukamasulidwa, mabawuti a U akhale atsopano, chifukwa akale anatanuka kale ndipo sagwira ngati poyamba.

Pali njira inanso yoika zotchinga pakati pa chasisi ndi thupi la galimoto. Imeneyi imangopereka malo a matayala akuluakulu, chasisi ndi zonse za kunsi zimatsala pomwe zinali.

Difu imakwezedwa ndi matayala okha

Ichi ndi chomwe ambiri amachizindikira ndalama zitapita kale. M'dzinja matayala a malole amakumba ngalande ziwiri mumsewu n'kusiya mtumbira pakati. Chomwe chimakhula pa mtumbirawo ndi difu, chibuluma cha pakati pa ekiselo yakumbuyo. Difu ili kunsi kwa masipuling'i, imasenzedwa ndi matayala. Ngakhale thupi la galimoto likwezedwe masentimita 10, difu imatsala pomwe inali. Kukweza masipuling'i kumathandiza mphuno, mimba ndi mchira wa galimoto polowa ndi potuluka m'zigwembe, koma pa mtumbira wapakati sikusintha kanthu.

Chomwe chimakweza difu ndi tayala lalitali, ndipo limaikweza ndi theka la kusiyana kwa msinkhu wa matayala. Tayala la 205R16, lofala pa Hilux zakale, ndi lalitali pafupifupi masentimita 73. La 235/85R16 ndi pafupifupi masentimita 81. Kusintha kuchoka pa loyambalo kupita pa lachiwiri kumakweza difu ndi masentimita osafika 4. Phindu limeneli lili ndi mtengo wake. Tayala lachiwirilo ndi lalikulu ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kotero wotchi ya liwiro ikaloza 50 galimoto ili pa 55. Mphamvu yokwerera chitunda imachepa, kilachi imagwira ntchito yambiri, mafuta amatha msanga, ndipo potsika mtsetse injini sigwira galimoto ngati kale, zomwe zimalemetsa mabuleki. Tayala lalikulu limathanso kukhula madigadi pokhota kapena sipuling'i ikapanikizika. Pa 4x4 matayala onse, ndi la sipeya lomwe, ayenera kukhala a muyezo umodzi.

Kayendedwe ka galimoto

Kayendedwe kabwino ndi komwe matayala amakhala akugwira nthaka nthawi zonse, thupi la galimoto likuyenda modekha. Si nkhani ya kumva bwino kokha. Tayala lomwe likudumpha silikhota ndipo siligwira buleki. Kwa mayi woyembekezera kapena wodwala yemwe akuthamangitsidwa ku chipatala ku Metangula kapena ku Lichinga, kusiyana kwa galimoto yofewa ndi youma si kwamasewera. Tomato, mazira ndi nsomba zouma nazo zimaphwanyika m'bodi yodumpha.

Zinthu zinayi ndizo zimaumitsa galimoto yokwezedwa. Choyamba ndi masipuling'i olimba kuposa katundu wake. Chachiwiri ndi kutha kwa mpata wotsikira tayala kutsogolo. Chachitatu ndi mashokapu osagwirizana ndi msinkhu watsopano. Shokapu yaifupi imatambasuka mpaka kumapeto tayala lisanamalize kutsika, ndipo pomwe imagwirira pamatha kuzuka. Yaitali kwambiri imagunda kumapeto galimoto ikapakira, n'kuwonongeka mkati. Chachinayi ndi mpweya wa m'matayala. Matayala a pikapu amapopedwa kwambiri kumbuyo pofuna kusenza katundu, ndipo akasiyidwa choncho pa ulendo wobwerera wopanda kanthu, galimoto imadumpha ngati mbuzi. Muyezo wa mpweya wa galimoto yopepuka ndi yodzaza umalembedwa pa kapepala ka pachitseko cha dalaivala kapena m'buku la galimotoyo. Mu mchenga wambiri kuchepetsa mpweya kumathandiza kuti galimoto isatitimire, koma uyenera kubwezeredwa isanakwere pa tala kapena pa miyala.

Mashokapu amavutika kwambiri pa msewu wa timizere topingasa tonga malata, komwe mafuta a mkati mwake amatentha n'kufooka. Shokapu yamoyo imakhala yofunda galimoto ikangoyenda pa msewu woipa. Yozizira pomwe zinzake zili zofunda ndi yakufa. Yomwe mafuta akuyenderera m'mbali mwake nayonso yatha. Mashokapu amasinthidwa awiriawiri, kumanzere ndi kumanja.

Mabuleki, chiwongolero ndi nyali

Mapikapu ambiri akale, makamaka opanda ABS, ali ndi valavu kumbuyo yomwe imalumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo. Bodi ikatsika chifukwa cha katundu, valavuyo imapereka mphamvu yambiri ku mabuleki akumbuyo. Bodi ikakhala yokwera, imachepetsa mphamvuyo kuti matayala akumbuyo asatsetsereke. Galimoto ikakwezedwa kumbuyo kapena kuumitsidwa, valavu imaona ngati ilibe katundu ngakhale itadzaza, ndipo ntchito yambiri imagwera mabuleki akutsogolo. Pa mtsetse wautali wotsikira ku Metangula mabuleki otere amatentha n'kusiya kugwira bwino. Pogwirira kandodoko payenera kukwezedwa ndi muyezo womwewo womwe galimoto yakwera.

Mapaipi a labala a mabuleki nawo aonedwe galimoto itanyamulidwa, matayala ali lende. Paipi yomwe yakokeka n'kuuma ngati chingwe cha uta iyenera kusinthidwa ndi yaitali. Shafuti yaitali yopita ku difu ikayamba kunjenjemera pa liwiro lina lake galimoto itakwezedwa, ndiye kuti yapendekeka mopyola ndipo mfundo zake zikudyeka.

Kusintha kulikonse kwa msinkhu wa kutsogolo kumasokoneza kaimidwe ka matayala, kotero alayinimenti ndi gawo la ntchitoyi, si chinthu chochita ndalama ikapezeka. Kupanda apo matayala atsopano amatha mbali imodzi m'miyezi yochepa. Nyali zakutsogolo nazo zikonzedwe galimoto itapakira katundu wake wa masiku onse.

Katundu ndi kugubuduzika

Masipuling'i olimba sawonjezera katundu yemwe galimoto ingasenze. Amangobisa chizindikiro choti yalemedwa. Chasisi, ekiselo, mabering'i, matayala ndi mabuleki zimakhala zomwe zija. Malire enieni amapezeka pochotsa kulemera kwa galimoto yopanda kanthu, tara, pa kulemera konse kololedwa, peso bruto, monga zalembedwera m'chikalata cha galimoto cha livrete. Pa mapikapu ambiri a kabini imodzi yankho limakhala pafupifupi tani imodzi, kuphatikizapo dalaivala ndi aliyense wokwera. Tani imodzi ndi matumba 20 a makilogalamu 50. Anthu 10 olemera makilogalamu 60 aliyense atenga kale makilogalamu 600, kutsala malo a matumba 8 okha. Thumba la chimanga losokedwa ndi mutu pamwamba limapitirira makilogalamu 50.

Katundu wolemera aikidwe pansi ndi kutsogolo kwa bodi, pafupi ndi kabini. Wolemera wolendewera kuseri kwa ekiselo amapepukitsa kutsogolo ndipo pa mapikapu a kabini ziwiri amatha kupinda chasisi pakati pa kabini ndi bodi.

Sentimita iliyonse yomwe galimoto yakwera imakwezanso kulemera kwake konse, pomwe kutalikirana kwa matayala a kumanzere ndi kumanja sikusintha. Galimoto yaitali yopapatiza imapendekeka kwambiri pokhota komanso pamsewu wotsamira mbali imodzi. Matumba ounjikidwa kupitirira denga la kabini, ndi anthu okhala pamwamba pa matumbawo, amawonjezera vutoli kuposa kukweza kwenikweniko. Pikapu yokwezedwa iyenera kukhota pa liwiro locheperapo kuposa kale, ndi kutsika mtsetse pa giya yaing'ono, osati pa mabuleki okha.

Pa madzi, kukweza kumapatsa dalaivala mtima wabodza. Timabowo topumira pa madifu timatsala pomwe tinali, ndipo difu yotentha ikamizidwa m'madzi ozizira imatha kuyamwa madzi. Mafuta a difu akaoneka oyera ngati mkaka asinthidwe. Madzi othamanga amakankha galimoto yokwezedwa monga momwe amakankhira ina iliyonse, ndipo mtsinje wodzaza umayembekezedwa kuti uphwe.

Malamulo ndi mapepala

Ku Mozambique za magalimoto zimayang'aniridwa ndi bungwe la INATRO, ndipo magalimoto amayenera kupita kukaunikidwa nthawi ndi nthawi. Masipuling'i, mashokapu, chiwongolero, mabuleki, matayala ndi nyali ndi zina mwa zomwe amaunika. Mwini galimoto yemwe akufuna kusintha zinthu zomwe zinalembedwa mu livrete ayambe wafunsa ku ofesi ya INATRO ku Lichinga asanagule zitsulo. Kampani ya inshulansi nayo idziwitsidwe, kuti pasakhale mkangano ngozi ikachitika. Omwe amawolokera ku Malawi kudzera pa Mandimba ndi Chiponde akumbukire kuti apolisi a pamsewu kumeneko nawonso amayang'ana katundu, matayala ndi nyali.

Nthawi ndi kachitidwe ka ntchito

Nthawi yabwino ya ntchitoyi ndi m'chilimwe, mvula isanayambe, pomwe misewu ili youma ndipo zitsulo zosowa zingakatengedwe ku Lichinga mosavuta. Galimoto itsamiritsidwe pa zochirikiza zolimba, osati pa jeke yokha, makamaka pa mchenga. Sipuling'i yopiringizika ndi torsion bar zimasunga mphamvu yokwanira kuthyola mkono, ndipo zimamasulidwa ndi makaniko wokhala ndi zida zake. Mabawuti odutsa m'mabushi a labala amangidwe komaliza galimoto itatsitsidwa n'kuima pa matayala ake, apo ayi malabalawo amapotoka n'kung'ambika msanga. Mabawuti a U amangidwenso pakatha ulendo woyamba kapena wachiwiri wa ku Lichinga, chifukwa masamba atsopano amakhazikika n'kusiya mpata. M'dzinja matope atsukidwe pakati pa masamba ndi pa malabala a CV joint.

Ndalama zikakhala zochepa, dongosolo lothandiza pikapu ya ntchito ya ku Msumba ndi ili: kuyamba ndi mabuleki ndi matayala abwino, kenako mabushi ndi mashokapu, kenako kubwezera masipuling'i pa msinkhu wa ku fakitale. Galimoto ikapitirizabe kukhula pansi zonsezi zitachitika, ikwezedwe mosapyola masentimita 5, kutsogolo ndi kumbuyo pamodzi, kumbuyo kutsale kokwererapo, ndipo valavu ya mabuleki, alayinimenti ndi nyali zikonzedwe isanapakire thumba loyamba.